Tisawaphike amayi athu m'madiresi a mu Okutobala

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzipepala yanu ndiyankhule ndi anthu amene mwezi uno akutibweretsera nsalu kuti tiwasokere madiresi, komanso ndi matelala anzanga. Ine ndimasoka pakhonde la sitolo ina ku Ndirande, ndipo makina ndinayamba kupalasa ndili kamtsikana, mayi anga akundiyang'anira. Kalata ino ndikulemba usiku nditaweruka, m'nyumba mukutentha ngati m'ng'anjo ya njerwa ngakhale mawindo onse ndi otsegula. Pampando pali mulu wa zitenje zoti zikhale zitasanduka madiresi lisanafike Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala.

Lachiwiri lapitali kunabwera mnyamata wina waulemu wake, dzanja ili chitenje chimodzi cha mamita awiri, dzanja linalo foni. Anandionetsa chithunzi cha mayi wina wa ku Nigeria ali paukwati. Diresi lake linali lothina kuyambira pachifuwa mpaka m'mawondo, kumunsi lotambasuka ngati mchira wa nsomba, manja aatali othina mpaka kumapeto, m'chiuno moikidwa timitengo tapulasitiki tija togwira thupi. "Mayi, ndikufuna ngati ili ndendende. Ndi mphatso ya amayi anga." Ndinamufunsa kumene kuli amayi akewo kuti ndiwayeze. Anati ali ku Nchalo, "koma thupi lawo ndi ngati lanu lomweli, kungoti iwo ndi onenepako pang'ono."

Mtima wa mwanayo ndinaukonda, koma sindinamubisire mawu. Ndinati, mwanangu, diresi ili ku Nchalo mwezi uno n'kuwaphika amayi ako. Kuchigwa uko dzuwa la Okutobala limafika madigiri 40, ndipo ngakhale kuno ku Blantyre, komwe tili pamtunda, masana ena amapitirira 30. Mayi wa pachithunziyu anangoima kamphindi kuti ajambulidwe. Amayi ako adzayenda nalo wapansi kupita ku tchalitchi, adzakhala pabenchi maola atatu pansi pa malata, pobwera adzawerama kusonkha moto kuti alendo adye.

Nkhani yanga yonse yagona pamenepa: chithunzi cha pafoni si patani. Chithunzi chimaonetsa kumaso kwa diresi kokha, pathupi la munthu wina, ataima chiimire. Sichikuuza kuti kumbuyo kuli bwanji, nsalu yake ndi yotamuka kapena ayi, inalowa mamita angati, m'kati anaikamo chiyani, mwiniwake amatha kukhala pansi kapena amangoima phwando lonse. Zonsezo imanena ndi patani, kaya ndi yogula, kaya ndi imene telala wajambula yekha ndi choko atayeza munthu.

Mayi anga anaphunzira kusoka m'zaka za m'ma 1970, nthawi imene lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala thalauza ndi siketi yoonetsa mawondo. Lamulolo linachotsedwa mu 1993 ndipo ine sindililira, chifukwa kutalika kwa diresi ndi nkhani ya mwini diresi. Chimene ndimakumbukira cha nthawi imeneyo ndi mapatani awo. Anali ndi maenvelopu angapo a Simplicity ndi Butterick omwe anapatsidwa ndi mayi wina wachizungu amene ankamusokera makatani ku Sunnyside. Pepala la m'katimo linali lopyapyala ngati khungu la anyezi, ndiye poopa kuling'amba ankalijambulanso pamapepala a matumba a simenti, n'kulikonza kuti ligwirizane ndi thupi la kasitomala, n'kulemba dzina lake pachidutswa chilichonse, n'kukoleka pamsomali. Kasitomala akabweranso chaka chinacho ankangotsitsa mapepala ake, kumuyezanso m'chiuno, basi. Anandiphunzitsa kuwerenga kuseri kwa envelopu ndisanayang'ane chithunzi cha kumaso, chifukwa kuseriko n'kumene kwalembedwa mtundu wa nsalu yoyenera, mulifupi mwake, kaya mainchesi 45 kapena 60, ndi kuchuluka kwa nsalu pa saizi iliyonse. Mapatani a pepala a masaizi osiyanasiyana otere ndi akale ndithu, Ebenezer Butterick anayamba kuwagulitsa ku America mu 1863. Lero envelopu yasowa, kwabwera foni, koma mafunso a kuseri kwa envelopu aja akadali omwewo, ndipo ofunika kuwafunsa ndalama isanatuluke m'thumba.

M'chilimwe muno funso lalikulu ndi lakuti mphepo idutsira pati. Apa ndiye ndikhalitsapo, chifukwa ndinalakwitsapo ndekha ndipo mpaka lero zimandiwawa. Zaka zingapo zapitazo mayi wina anabwera ndi chitenje chabwino cha thonje, akufuna diresi lokavala ku chinkhoswe cha mng'ono wake ku Chikwawa, mu Novembala mvula isanagwe. Sitayilo anasankha yofuna layining'i kuyambira m'khosi mpaka pansi, ine n'kugula layining'i yoterera ija ya poliyesitala imene imapezeka paliponse ku Limbe. Ndinkadziwa kuti imatentha. Sindinanene, poopa kuti apita kwa telala wina. Diresi linatuluka lokongola moti odutsa pakhonde ankaima kuliyang'ana. Patatha sabata mayi uja anabwera nalo litapindidwa m'jumbo. Sanandikalipire ayi. Anangoti, "Asisi, diresi ndi labwino, koma ndinalivula mwambo usanathe, ndinachita kubwereka bulauzi n'kumanga chitenje." Anandionetsa kumsana ndi m'khwapa, tiziphuphu ta thukuta tili mbwee. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyerere zimenezo ndinasokeramo ndine, ndi manja angawa. Madzulo onse a tsikulo ndinathera kumasula misoko n'kuchotsa layining'i ija, osamulipiritsa kanthu.

Thonje limamwa thukuta n'kulipereka kunja kuti liume ndi mphepo. Poliyesitala ndi m'bale wake wa pulasitiki, thukuta limangotsekeredwa pakati pa nsalu ndi khungu. Ukamusokera pansi pa chitenje cha thonje, ubwino wonse wa thonjelo wautaya, munthu ali ngati wavala jumbo m'kati. Choncho mukaona sitayilo yakusangalatsani, funsani telala ngati ingasokedwe popanda layining'i. Ambiri mwa masitayilo amatheka. M'khosi ndi m'khwapa timangomaliza ndi bayasi, kansalu kaja kodulidwa mopendekera, ndipo pamaoneka paukhondo. Nsalu ikakhala yoonekera, layining'i ikhale ya thonje lopyapyala, kapena ikhale ya kumunsi kokha, apo ayi valani pitikoti amene mungathe kumuvula mukafika kunyumba.

Samalaninso, si chitenje chilichonse chili cha thonje. Zambiri zotsika mtengo zimene zadzaza mumsika wa Limbe ndi wa Blantyre ndi zosakaniza, zina ndi poliyesitala yekhayekha. Zimawala bwino m'maso, koma ukazifinya m'manja sizichita makwinya. Njira yodziwira ndi yapafupi. Sololani tiulusi tingapo m'mphepete mwa nsalu, mutiyatse ndi machesi. Thonje limayaka ngati pepala, fungo lake ngati la pepala, n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesitala amasungunuka n'kusiya kanjere kakuda kolimba. Zimandimvetsa chisoni kuti thonje timalima tokha ku Chikwawa, ku Balaka ndi ku Salima, fakitale ya nsalu ya David Whitehead ili pafupi nafe pompa ku Makata kuyambira m'zaka za m'ma 1960, koma ife ogula tikuthamangira pulasitiki wochokera kutali n'kumakulungamo amayi athu dzuwa lili phwee.

Nsalu ikhoza kukhala yabwino, koma mphepo imafunabe njira. Diresi la nsalu yosatamuka limasowa mpata pakati pa thupi ndi nsalu. Pachifuwa mainchesi awiri ndiwo ochepetsetsa kuti munthu apume ndi kukweza manja, ndipo nyengo ino ine ndimaika atatu kapena anayi. Atsikana akamva zimenezi amakwinya nkhope. "Anti, ndioneka ngati ndavala thumba la chimanga." Ayi, mwanangu. Diresi amalinyamula ndi mapewa. Likakhala bwino m'mapewa ndi pamwamba pa chifuwa, kwinako likhoza kumasuka koma munthu n'kuonekabe wotchena. Thukuta limasonkhana m'khwapa, pansi pa chifuwa, m'chiuno ndi kuseri kwa mawondo, ndiye malo amenewo ndiwo oyenera kumasuka. Sitayilo imene msoko wake wadutsa pansi pa chifuwa nsalu n'kutsika yokha, kapena yotambasuka pang'onopang'ono kuchokera m'mapewa ngati chilembo cha A, imaposa kutali yomanga m'chiuno ndi lamba wokhuthala. Manja aafupi otambasuka ngati mapiko a gulugufe amatchinga dzuwa paphewa koma mphepo imalowa. Manja otupa aja okhala ndi neti m'kati ndi lasitiki wothina pamkono asungireni mwezi wa Juni. Kolala yoimirira yokhala ndi sitifu, kansalu kolimbitsa ka m'kati, imakhala itanyowa kale isanakwane 10 koloko.

Kwa mayi woyamwitsa, palibe loposa diresi la mabatani kutsogolo. Lokulunga lomanga pambali nalonso ndimalikonda chifukwa limakula ndi kuchepa pamodzi ndi mwiniwake, koma lidulidwe mopitana kwambiri kutsogolo ndipo likhale ndi kachingwe kena komanga m'kati, chifukwa kamvuluvulu wa mu Seputembala ndi Okutobala sapempha chilolezo.

Ndiye ganizirani tsiku lanu mmene limayendera. Mudzakwera minibasi ya ku Limbe, phazi kulikweza pasitepe, m'katimo kuthithikana. Mudzakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Machinjiri. Mudzakwera zitunda za ku Bangwe kapena Chilobwe mwana ali kumbuyo. Ine kasitomala akabwera kudzayesa diresi sindimulola angoima pagalasi. Ndimamuuza akhale pakampando kanga, akweze manja ngati akusenza chidebe, atsike pakhonde n'kukweranso. Diresi likakana chimodzi mwa zimenezi ndimalibweza pamakina, kaya kuonjezera mpata m'matako, kaya kutsegula kamng'alu kumbuyo. Kumbukiraninso kuti diresi la mu Okutobala ndi lomwelo mudzavale mu Disembala, mvula itayamba. Lokwekwereza pansi lidzakolola matope onse a mu Ndirande. Ndipo pemphani matumba a m'mbali, obisika mumsoko, akuya bwino oti foni ndi ndalama ya minibasi zikhalemo. Satenga nsalu yambiri, zidutswa zotsala zimakwana.

Za kuchuluka kwa nsalu timakangana nawo makasitomala tsiku ndi tsiku. Chitenje chimodzi ndi mamita awiri, mulifupi pafupifupi mainchesi 45. Kwa munthu wa thupi lapakatikati chimakwana diresi loongoka lofika m'mawondo, la manja aafupi, basi. Siketi yozungulira yathunthu, ikakhala yaitali, imadya mamita anayi kapena kuposerapo. Maluwa akakhala akuluakulu, nsalu ina imathera pogwirizanitsa maluwawo m'misoko, komanso popewa kuti duwa lalikulu lisakagwere pakati pa chifuwa kapena pamatako. Ndikudziwa kuti nsalu yadula. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense akuwerengera mita iliyonse. N'chifukwa chake yambani mwasankha sitayilo, mufunse telala mamita ake, kenako mukagule. Ambiri amayamba ndi kugula nsalu, chithunzi n'kuchipeza pambuyo, ndipo nsalu ikaperewera akabwerera kumsika amapeza mtundu uja unatha kale. Safunsa anadya phula. Mukagula, ichapeni kaye musanabwere nayo, chifukwa thonje ndi visikosi, nsalu ina yofewa yopepuka, zimafupika pochapa koyamba, ndipo ndi bwino zifupike zisanadulidwe.

Madiresi ambiri othina amene mumaona pa Facebook ndi TikTok ndi a nsalu yotamuka, n'chifukwa chake simuona zipi kapena timisoko topinda pachifuwa. Chitenje sichitamuka. Mukakakamiza sitayilo ya nsalu yotamuka pachitenje, chimodzi chichitika: misoko iphulika kapena munthu alephera kupuma.

Pali chinanso chimene ambiri sachiganizira. Chilimwe cha ku Ulaya ndi ku America chimagwa mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene ife kuno tikunjenjemera ndi chiperoni. Ndiye madiresi awo opepuka amadzaza m'mafoni mwathu nthawi imene tavala majuzi, ndipo ikamafika Okutobala, ife tikupsa, iwo akuonetsa za manja aatali ndi nsalu zokhuthala poti kwawo kwayamba kuzizira. Atsikana athu amangotola chimene chatuluka sabata imeneyo poti ndicho chatsopano. Ngati mukufuna kuonera kunja, onerani ku South Africa, komwe nyengo zimayendera limodzi ndi zathu, kapena sungani zithunzi za mu Juni zidzagwire ntchito mu Seputembala.

Mwana wanga wamkazi, amene akundithandiza pamakina achiwiri, amatenga mapatani pa intaneti n'kukawasindikiza ku Limbe pamapepala a A4, kenako n'kumawalumikiza ndi guluu. Ndi chinthu chabwino ndipo ndaphunzirako masitayilo amene sindikanawadziwa. Koma nawonso ali ndi misampha yawo. Patsamba loyamba pamakhala kabokosi koyesera, kolembedwa kukula kwake, ndipo muyenera kukayeza ndi tepi musanasindikize masamba onse. Wosindikiza akalola kompyuta ichepetse tsamba kuti likwane bwino papepala, patani yonse yachepa ndipo mudzazindikira nsalu itadulidwa kale. Nambala ya saizi musaikhulupirire. Saizi 14 ya pakaunjika wochokera ku Britain ndi yosiyana ndi 14 ya ku America, ndipo zonse ziwiri n'zosiyana ndi 14 ya pa envelopu ya patani. Tengani tepi muyeze chifuwa, chiuno ndi m'matako, muone pamene miyeso yanu yagwera. Amayi ambiri amene ndimawasokera chiuno chawo ndi chaching'ono poyerekeza ndi m'matako, kusiyana ndi thupi limene mapatani akunjawa anajambulira, choncho timasankha saizi potengera mapewa ndi chifuwa, kumunsi n'kuonjezera tokha. Onaninso ngati patani yasiya kale malo a msoko. Ya m'maenvelopu a ku America imasiya masentimita 1.5, pamene ya m'magazini a Burda a ku Germany imafuna uonjezere wekha. Mwana wanga anadulapo bulauzi osadziwa zimenezi, inakwana mng'ono wake wa sitandade 6. Sitayilo ikakhala yachilendo ndipo nsalu ndi yodula, timayamba tayesera pa shiti yakale ya pakaunjika.

Matelala anzanga a m'makonde a Ndirande, Limbe, Chirimba ndi Zingwangwa, ndikudziwa kuti mwezi uno ndi wokolola ndipo palibe amene akufuna kubweza kasitomala. Koma mawu oti "zotheka, mayi" tikuwatulutsa msanga, chithunzi tisanachiyang'anitsitse n'komwe. Munthu amabwera kwa ife chifukwa ife ndi amene tikudziwa nsalu, iye amangodziwa chimene maso ake akonda. Tiziwauza zoona pamene nsalu ikadali yathunthu. Wina akamva zonse n'kunenabe kuti akufuna lothina lomwelo la layining'i, musokereni bwinobwino, walira mvula walira matope, koma akhale atamva. Tizisiyanso inchesi imodzi m'misoko ya m'mbali m'malo modula mpaka pafupi ndi ulusi, kuti diresi lidzathe kukuzidwa mwiniwake akanenepa kapena akakhala woyembekezera. Ndipo tisalandire nsalu zoposa zimene manja athu angathe. Diresi losokedwa usiku wa pa 14 Okutobala ndi kandulo limadziwika ndi mpendero wake wokhota.

Mnyamata wa ku Nchalo uja sanakwiye. Anakhala pakampando kanga n'kuimbira foni mlongo wake amene amakhala ndi amayi awo. Mlongoyo anakabwereka tepi kwa telala wa kumeneko, ine ndikumuuza pafoni pamene ayeze: kuchokera phewa ili kufika linalo, kuzungulira chifuwa, chiuno, m'matako, ndi kuchokera paphewa kufika pakati pa mwendo. Amayi aja anali aafupi kuposa ine ndi mainchesi atatu, ndipo m'matako anandiposa ndi asanu. Nditawapempha kuti ndiyankhule nawo, anandiuza okha kuti amafuna manja ofika m'zigongono chifukwa cha ku tchalitchi, ndi thumba loikamo chopereka. Tinagwirizana za diresi la msoko wa pansi pa chifuwa, khosi lozungulira lomasuka, manja otambasuka, lopanda layining'i. Tiulusi ta chitenje chake titatiyatsa tinasiya phulusa, ndiye nsalu ndi yabwino, kungoti ikuperewera mita imodzi. Wapita kukaifuna ku Limbe, ndipo wanena kuti abwera nayo Lachinayi itachapidwa kale.

Ndine wanu,
Mayi wosoka pakhonde,
Ndirande, Blantyre